Batani Lachitatu

"Asiyeni," anatero mayi wa ku chipatala wophunzitsa odwala kudzithandiza, manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu.

Chitsirizira anabweza dzanja. Bambo ake anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akulimbana ndi batani lachitatu la malaya. Dzanja lamanja linawafooka ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo, ndipo lamanzerelo linali losazolowera ntchito.

Panali patatha masiku khumi chiwaikireni mayi ake m'manda. Chitsirizira anali atangofika kuchokera kunja, komwe anakhala zaka khumi ndi zisanu. Anapeza nyumba itachepa, mtengo wa pakhomo atadula, achibale akumupatsa moni wa alendo. Zaka zonsezo anafuna kuzibweza ndi sipuni: ankawadyetsa bambowo, kuwaveka, kuwapesa. Tsopano bambowo sankadzukanso pampando popanda wowakoka.

Achimwene ake a Chitsirizira anasuzumira pakhomo la chipinda, makiyi a galimoto ali m'manja. "Mwaonatu. Batani lokha ola lathunthu. Lachisanu ndikuwatenga, kwathu chipinda chilipo."

"Chosungira njinga chija?" anatero bambo osadzutsa mutu. "Ine muno sindichoka."

"Ndipatseni milungu isanu ndi umodzi, m'mawa mokha," anatero mayi wa ku chipatala uja. "Akamavala okha, kusamba okha, kuwiritsa madzi okha, akhale. Zikakanika muwatenge."

"Nanga inu ntchito yanu n'chiyani, poti simukugwira kanthu?" anafunsa achimwene aja.

"Ndi imeneyi. Kusagwira kanthu."

"A Manjalende awa!" Bambo anaseka, kuseka koyamba chichitikireni maliro. Batani linapulumuka.

Chitsirizira zala zinamuyabwa. "Komatu amayi ankawachitira zonse," anadandaula.

"Ndani? Amako?" Bambo anamuyang'ana ngati wanena zamisala. "Chidwalireni sanandimangepo batani ngakhale limodzi. Ankati anakwatiwa ndi mwamuna, osati chidole. Ndimati ndikalira njala, iwo n'kundilozera pali ketulo. Mwandilumalitsa ndinu, ndi chisoni chanucho."

Chitsirizira anamva manyazi, kenako mpumulo. Anakakhala pansi, manja atawakhalira, kuti asamuchimwitse.

Batani lachitatu linalowa. Lachinayi linavuta, mpaka mkuluyo analitukwana pamodzi ndi amene analisoka. Lachisanu linangolowa lokha. Anagwira ndodo, n'kudzikoka kawiri, kachitatu n'kuimirira.

Achimwene aja analowetsa makiyi m'thumba. "Chabwino. Milungu isanu ndi umodzi. Koma mukagwa..."

"Ndidzuka. Tandipatsa njira."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pagalasi la pakabati. Anadziyang'ana uku ndi uku, n'kukweza chibwano ngati msilikali wodikira kuyenderedwa. Anadikira choncho kamphindi. Kenako anakwinya nkhope, n'kuyankhula ndi mawu aang'ono, akuthwa, omwe ana awiriwo anawazindikira nthawi yomweyo kuti ndi a mayi awo:

"Kolala, bambo inu. Mukufuna anthu anene kuti mulibe mkazi?"

Anadzimenya pang'ono padzanja, n'kuikonza yekha kolalayo.