Manambala a Mapampu

Basi ya ku Bindura inanditsitsa pa Glendale dzuwa litalowa kale. Thirakitala ya papulazi inkandidikira. Mvula inali itangokata. Msewu matope okhaokha, mdima bii. Ine mwana wa ku Highfield, mumzinda wa Harare, mdima wotere sindinauzolowere.

Ntchito yanga ndi kukonza makina. Lero Shamva, mawa Marondera. Sindigona kawiri pabedi limodzi. Chaka chimenecho, 1994, kampani yathu inkasamalira makompyuta othirira maluwa m'mapulazi.

Pakhomo pa kanyumba ka mapampu panaima mkulu wina, nyali ya parafini ili kumanja.

"Ndinu a ku Harare aja? Ine ndine Januario. Bokosili ndimaliyang'anira ndine."

Chinyanja chawo chinali cha ku Tete.

Bokosilo linali pakhoma. Lotuwa, la galasi laling'ono ndi mabatani. Ndilo linkalamula mapampu: madzi ochuluka bwanji, feteleza wochuluka bwanji, nthawi yanji, m'nyumba iti ya maluwa. Manambala ake anaikamo mzungu wa ku Holland. Zaka zitatu akuyesa, akusintha. Kenako anabwerera kwawo. Papepala sanalembe kanthu.

Lolemba mphenzi inagwetsa mawaya a magetsi n'kuwotcha jenereta. Ine ndinafika Lachitatu.

"A Laxon, foromani wathu, anena mosabisa," anatero a Januario. "Manambala akafufutika, ine ndiuone msewu. Nyumba ya kukomboni ndi ya pulazi. Ndinabwera kuno pothawa nkhondo, ndi ana anayi. Mudzi wathu kulibenso. Ndikalowera kuti?"

"Musade nkhawa, madala. Bokosili ndi lochenjera. Magetsi akathima, limagona. Limazimitsa zonse. Kamatsala maso ndi kachipangizo kamodzi kosunga manambala. Kamadya pang'ono zedi, pa kabatire konga batani la jekete. Likagona chonchi litha miyezi."

Ndisanamalize, chala chawo chinafika pa batani. Galasi linayaka mobiriwira. Linathimanso. Iwo anapumira m'mwamba.

"Mukutani?"

"Ndikulidzutsa."

"Mwalidzutsa kangati?"

"Aa, ndani angawerenge? Wodwala wakayakaya sasiyidwa agone yekha, mwana wanga. Umamuitana dzina, akuyankhe. Ine ndi mkazi wanga Luzia tikulandizana kuyambira Lolemba. Usana ndi usiku."



"Madala, kuyaka kamodzi kumeneko kumadya mphamvu ya sabata yathunthu ya tulo. Mwakhala mukulipha."

Anabisa dzanja kumbuyo.

Ndinatsegula bokosi. Ndinayeza. Batire yatsopano imasonyeza mavolti atatu pa mita yanga yoyezera mphamvu. Iyi inasonyeza awiri ndi kachidutswa. Ikatsika pa awiri, kachipangizo kaiwala zonse. Sizikanafika m'mawa.

Batire yatsopano ndinali nayo. Koma kuchotsa yakale n'kudula mphamvu. Ngakhale kwa kuphethira kwa diso, basi zapita. Ndinatulutsa mabatire awiri a tochi yanga. Ndinawamanga ndi tepi. Ndinalumikizako timawaya tiwiri ta mano kunsonga, kofiira ndi kakuda. Tilume mbali ziwiri za pokhala batire, tidyetse kachipangizo pamene ine ndikusintha.

"Kwezani nyali. Musagwedezeke."

Kofiira kanaluma. Kakuda kanaluma. Thukuta m'maso. Ndinakolowola batire yakale ndi nsonga ya mpeni. Inatuluka.

Kunja kunagunda bingu. Malata anatekeseka. A Januario anacheukira kukhomo. Chigongono changa chinadzidzimuka.

Kawaya kakuda kanapulumuka.

Ndinakabwezera msanga. Ndinalowetsa batire yatsopano. Ndinachotsa timawaya. Iwo sanaone kanthu.

"Zatha?"

"Zatha."

"Ndidine?"

Ndinadina ndekha. Galasi linayaka. Nyumba yoyamba: ziro. Yachiwiri: ziro. Mpaka yachisanu ndi chitatu.

A Januario anatsitsa nyali pansi pang'onopang'ono. Anakhala pa thumba la feteleza.

"Ndine," anatero. "Mwanena nokha. Ndalipha ndi chala changa."

Sindinawatsutse.

Ndinagona momwemo, pa makatoni. Kugona kwake kuti? Mwina zinafufutika ndisanakhudze. Mwina ayi. Ndani akanadziwa? Abwana anga ku Harare sakhululuka. Mnzanga wina anawotcha pampu imodzi yokha, lero akugulitsa malalanje pa msika wa Mbare. Ndikangotseka pakamwa, mawa ndili pa basi. Pulazi ino sindidzaionanso.

Kukomboni kunamveka kugogoda. Kenako mwana kulira. A Januario ankamasula bedi lawo.

A Laxon anafika kukungoyera. Munthu wamtali, wa jombo zamphira, wonyamula wailesi ya m'manja. A Januario anali kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja. Kutali pang'ono kunaima mayi Luzia. Mtolo unali utamangidwa kale.

A Laxon anadina batani. Anayang'ana maziro aja. Anatembenukira kwa a Januario, amene ankawaitana Sekuru, ndiko kuti agogo m'Chishona.

"Sekuru, ndinakuuzani chiyani Lolemba?"

"Munandiuza, foromani."

"Bwana wa pulazi akafika masana, asakupezeni."

"Si iwowa," ndinatero. "Manambala analimo pamene ndimafika. Waya unandipulumuka ine posintha batire."

A Januario anandiyang'ana. Sindinathe kuwayang'ana.

"Achimwene, mukudziwa zimene mukunena?" anafunsa a Laxon. "Maluwa awa amakwera ndege kukagulitsidwa kunja. Bwana ayimbira kampani yanu lero lomwe."

"Ndikudziwa."

"Lembani."

Ndinatulutsa khadi la ntchito. Ndinalemba tsiku, nthawi, cholakwa. Dzina langa pansi. Cholembera chinaboola pepala kawiri.

A Laxon anawerenga, napinda khadilo, naliika m'thumba la malaya.

"Sekuru, kauzeni amai amasule katundu. Mukatha, katengeni anthu ndi makeni. Tithirira pamanja."

Thirakitala inali itazikika m'matope. Ndinanyamula chikwama. Ndinauyamba wapansi, kulowera ku Glendale. Basi yoyamba ya ku Harare imadutsa sikisi koloko.