Nankafumbwe wa Limbani

Phokoso la mu shopu ya Stefano linkamveka mpaka kutsidya kwa msewu wa Mponela, pamene Falesi ankagulitsira tomato. Iye anasiyira mnzake benchi, natenga botolo la thobwa kuti akapatse mwamuna wake Limbani, amene Loweruka lililonse ankaswera m'shopumo. Anapeza anyamata ataunjikana pa foni imodzi ngati nkhuku pa madeya. Stefano, wokonza mafoni uja, anali atakwera pa mpando kuti aliyense amumve.

"Atimvera eni gemu aja!" Stefano anakuwa. "Takhala tikudandaula kuti gemuyi ndi ya ana a mkaka. Yatsopano ikubwerayi mulira nayo, ndikukuuzani ine!"

Gemuyo inali ndi dzina lachizungu lopinda lilime, choncho pa Mponela onse ankangoti Tizilombo. Munthu ankayendayenda m'tchire la pa foni, kugwira tizilombo, kutilera, kenako n'kutimenyanitsa ndi ta anzake. Kumenyanako kunali kopatsana mpata ngati pa bawo: iwe uponye, mnzako aganize, nayenso aponye. Pa zoganizazo panalibe wofanana ndi Limbani, ndipo anyamata ankamutchula kuti Kochi.

"Tatiuza bwinobwino, usangolumpha ngati wadya tsabola," anatero Alexio, mphunzitsi wa ku pulayimale amene ankapalasa njinga kuchokera kumapiri chifukwa cha gemu yomweyi.

Stefano anafotokoza. Mu gemu yatsopano muzigwa mvula, ndipo ikagwa tizilombo ta moto tizifooka. Kachilombo kakagonja kawirikawiri kazikukana, n'kuthawira kutchire osabwereranso. Gemu yakale idzatsekedwa, ndipo wofuna kusamuka ndi tizilombo take ayenera kugonjetsa Mlonda wa pa chipata, chilombo chachikulu chimene anthu ayamba kale kuchiyesa.

"Ana a sukulu athawe, tizilombo nato tithawe?" Alexio anagwira m'mutu. "Ine ndimabwera kuno kudzapuma, osati kudzalembanso mayeso!"

"Wamantha adziwike!" wina anayankha, ndipo shopu yonse inaphulika ndi phwete.

"Chokoma sindinanene," Stefano anapitiriza. "Zodikirana zatha. Chala chamanzere chizithamanga ndi kuzinda, chamanja chizimenya, zonse nthawi imodzi. Mukuti bwanji pamenepo, Kochi?"

Limbani anali pakona pake, atavala jekete ngakhale kunja dzuwa la Okutobala linkaswa mtengo. Dzanja lake lamanzere linali m'thumba, momwe linkakhala masiku onse.

"Ndiye kuti ikufuna manja awiri," anatero motsitsa.

Kuseka kunazima. Stefano anatsika pa mpando paja pang'onopang'ono, n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene sanataye. Falesi anaika botolo pafupi ndi mwamuna wake, ndipo mtima unamupweteka.

Limbani anali wa kabaza wa njinga yamoto mpaka tsiku limene anagwa pa chitunda cha msewu wa ku Ntchisi pozemba ng'ombe. Moyo unatsala, koma dzanja lamanzere silinadzukenso. Atatuluka m'chipatala anadzitsekera kuchipinda, makatani otseka, osafuna kuonana ngakhale ndi akulu a mpingo. Stefano ndiye anamuikira gemuyo pa foni, poti inkatheka ndi chala chimodzi. Falesi poyamba inkamunyansa. Bambo wamkulu wandevu zake kuweta ziweto zosadyeka! Koma ziweto zosadyekazo n'zimene zinamutulutsa panja. Kachilombo kake kokondedwa kanali kakuda, kamphuno yaitali, koyenda mwaulesi, kamene ena ankangokadutsa. Iye anakatcha Nankafumbwe, ndipo ankati nankafumbwe sathamanga koma nkhokwe amaimaliza. Ndi kameneka anagonjetsa Mponela yense.

Loweruka lotsatira Limbani sanapite ku shopu. Falesi pobwera ku msika anapeza makatani a kuchipinda ali otseka, foni ili pa tebulo pabalaza.

"Bambo a Judith, foni mwaiwala kuno."

"Sindinaiwale. Mupatseni Judith azionerapo za kusukulu."

"Nanga Nankafumbwe adya chiyani?"

"Musandiseke, mayi a Judith."

"Ine sindikuseka. Mwamulera nokha, lero mukumusiya pamsewu?"

"Akuitseka basi gemuyo. Chatha chatha." Bedi linalira, kusonyeza kuti watembenukira kukhoma.

Falesi anaima pakhomo la chipindacho kanthawi. Mdima umenewu ankaudziwa, ndipo ankauopa kuposa njala. Sanafune kuubwereranso.

M'mawa mwake anapita kwa Stefano asanayale n'komwe tomato.

"Iwe ndi amene unabweretsa matendawa m'nyumba mwanga," anatero. "Uwauze eni akewo abweze zakale zija."

"Alamu, eni akewo ali kutsidya kwa nyanja, sandidziwa n'komwe," Stefano anayankha ali wera. "Pa intaneti anthu akukangana zomwezi. Ena akuti aikemo njira yofewa ya anthu ngati Kochi, ena akuti wolephera akagone. Inenso ndinali mbali ya akagonewo. Pakamwa panga pandipachika."

"Leka kulira. Dzanja lamanzerelo limachita chiyani kwenikweni?"

Stefano anamuyang'ana modabwa, kenako anamuonetsa. Panali kabwalo pakona ya foni, ndipo chala chinkayenera kukatembenuza uku ndi uku kuti kachilombo kazinde. Anamubwereka foni yakale yong'aluka galasi kuti aziphunzirirapo.

Sabata imeneyo ogula tomato anavutika. Munthu ankachita kuitana kawiri kuti Falesi adzutse mutu, ndipo mnzake wa pa benchi ankauza aliyense kuti mayi a Judith alowa mpingo wa anyamata. Galasi la foni linadzaza njere za tomato. Koma chala chake chinagwira msanga. Stefano atabwera kudzaona, anatsegula pakamwa.

"Alamu, liwiro limeneli mwalitenga kuti?"

"M'chigafa," Falesi anatero. "Ukakulira pa esiteti ya fodya, zala zaulesi zimagona ndi njala."

Makolo a Falesi anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo iye anakula akusoka fodya pa esiteti ina kufupi ndi Kasakula. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi Limbani. Ntchito ikachuluka ankagwira awiriawiri, wina kusanja masamba n'kupatsira, wina kubaya ndi singano. Limbani ankapatsira, Falesi ankasoka. Limbani akati "Eko!" masamba anali atafika kale m'manja, ndipo awiriwo ankadzaza mikangala yoyanikapo fodya ena asanafike pakati.

Lachisanu madzulo, Judith ali kotunga madzi, Falesi anatsegula makatani a kuchipinda mosapempha n'kumuuza mwamuna wake maganizo ake.

"Ine kugwiriridwa foni ngati khanda logwiriridwa kapu?" Limbani anakwiya. "Pamaso pa anyamata onse aja?"

"M'chigafa muja ndani ankagwirira mnzake?"

"Zija zinali zina. Ndinali ndi manja."

"Munali ndi manja awiri, koma singano simunkaigwira. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, bambo."

"Miyambi sibweza dzanja."

"Chabwino. Mawa ndipita ndekha ndi Nankafumbwe wanuyo pa chipata. Akathawira kutchire musadzandifunse."

"Simungayerekeze."

"Foni munapatsa Judith, Judith wandibwereka ine."

Falesi anatuluka osadziwa ngati wapoletsa chilonda kapena wachitosa.

Loweruka shopu inadzaza. Mlonda wa pa chipata anali atasambitsa aliyense chokweza. Stefano yemwe, ndi kukuwa konse kuja, anali atathawidwa ndi kachilombo kake kamodzi, ndipo tsopano ankanena kuti eni gemuwo awonjeza mchere. Alexio ankamuseka mosabisa.

"Si iwe unkafuna ya akuluakulu? Idya, yapsa!"

Falesi atalowa ndi foni ya Kochi, anyamata anamupatsa mpando wa pakona mwaulemu. Anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu wa jekete. Anapukuta manja pa chitenje, nayamba.

Kuzinda ankazinda bwino, koma za kumenya sankadziwa kanthu. Ankangodina chilichonse chimene chala chamanja chapeza. Posakhalitsa Nankafumbwe anali gada, miyendo m'mwamba. Atadzuka, anatembenuza kamphuno kake kuyang'ana kutchire.

"Alamu, musapitirize," Stefano ananong'ona. "Kanga kanayambanso choncho."

Falesi anachotsa chala pa foni. Kachilomboka kakathawa, adzalowa bwanji m'nyumba muja? Anayang'ananso kumsewu, kenako anadina kuti ayambirenso.

"Mayi a Judith! Mukuponya moto mvula ikugwa?"

Limbani anali pakhomo, thukuta lili kamukamu, jekete ili pathupi. Anyamata anapatuka okha.

"Nanga ndiponye chiyani? Mwini wake anagona."

"Imitsani! Imitsani kaye, mundiphera chiweto!"

Anakhala pa benchi kudzanja lamanja la mkazi wake, nagwira foni mbali yake. Koma sizinatheke. Mkono wakufa uja unali pakati pawo, chigongono chili tong'o chifukwa cha dzanja la m'thumba, ndipo foni inkapendekeka. Anayesa kusendera, osathandiza.

Falesi anaika foni pamwendo. Anamuvula mwamuna wake jekete monga ankachitira kunyumba, natulutsa dzanja lija. Linali litaonda, zala zitapindika, ndipo m'shopumo munalibe amene analionapo chichitikire ngozi. Analinyamula bwinobwino n'kulikoleka pa phewa pake, kenako anasendera mpaka mapewa awo anagundana. Limbani anauma thupi lonse, maso ali pansi.

Amene anaswa chetecho anali Alexio.

"Kochi, ife osakwatirafe mukutipweteka mtima. Zimenezi pa Mponela masanasana?"

Anyamata anaseka, ndipo kunali kuseka kwabwino. Khutu la Limbani linagwedera, chizindikiro chimene Falesi ankachidziwa kuti munthuyu akubisa kumwetulira.

"Dinani," anatero Limbani.

Poyamba anasokonezana. Falesi ankathawa pamene Limbani akufuna kumenya, ndipo nkhonya zinkagwera m'malere.

"Musathawe msanga! Mudikireni akweze mkono. Tsopano! Kumanzere! Bwererani kumsana kwake!"

"Ndafika!"

"Eko!"

Nankafumbwe anabaya, ndipo Mlonda anadzandira. Shopu inakuwa. Kuchokera pamenepo mawu anachepa. Falesi ankamva pa phewa pomwe kuti mwamuna wake akufuna kulowera kuti, ndipo "Eko!" aliyense ankapeza iye atafika kale. Moyo wa Mlonda unatsika mpaka pamene panalibe wa pa Mponela anafikapo. Stefano analuma kolala ya malaya ake. Kenako mvula ya mu gemu inakula, chala cha Falesi chinaterera ndi thukuta, ndipo Mlonda anaponda Nankafumbwe kamodzi kokha.

"Aaa!" shopu yonse inabuula.

Nankafumbwe anadzuka mwaulesi, nayenda masitepe angapo kulowera kutchire, n'kuima. Falesi anagwira mpweya mpaka kachilomboko kanakhala pansi.

"Bwerezani, Kochi! Watsala pang'ono!" anyamata anakuwa.

"Ayi," Limbani anatero, ndipo mawu ake anali a Kochi uja wakale. "Kuthamanga si kufika. Nankafumbwe apume. Tikaphunzira kunyumba ndi tizilombo tina, gemu yakale sinatsekedwe. Ndipo inu nonse mukulakwitsa chinthu chimodzi. Mlondayu akakweza mkono wamanja amanamiza, woopsa ndi wamanzere."

"Koma awiri pa foni imodzi n'zololedwa?" mnyamata wina anafunsa kumbuyo.

"Ukapeze wako mkazi, udzafunse bwino," Alexio anamuyankha.

Limbani anatembenukira kwa Falesi. "Inunso mayi a Judith, pomaliza paja munachedwa."

"Ine kuchedwa? Si inu munati ndidikire?"

"Ndinati mudikire mkono, osati mudikire Khirisimasi."

Falesi anayankha mokweza, koma m'maso munali mutadzaza misozi, ndipo anachita ngati mwagwa kachitsotso. Anali atasowa munthu wokangana naye.

Dzuwa litapendeka, Limbani anaimirira akufotokozerabe Stefano ndi Alexio za mkono wa Mlonda. Anatuluka nawo mpaka pamsewu, foni ili m'dzanja lamanja, lamanzere likulendewera poyera pamene minibasi zinkadutsa.

"Loweruka tibwera molawirira," anawauza. "Tomato wa mayiwa mupeze womugulitsa."

Jekete inatsala pa benchi. Falesi anaiona, natsegula pakamwa kuti amukumbutse, koma anatsekanso. Anaipinda mwakachetechete, naiika pansi penipeni pa dengu, n'kusanja tomato wotsala pamwamba pake.