Nyali Pakhomo pa Chimphona cha Belu

Ine ndine Wilfrido Anchundia, ndipo mukagula nsomba yozizira bwino mu Guayaquil muno, dziwani kuti yagona pa ayezi wa kufakitale kwanga. Ndinayamba ndi ngolo imodzi yokankha ndi manja, lero malole anga ndi asanu ndi awiri. Ndisanamange fakitale ndinayenda zaka khumi ndi zinayi pa sitima zonyamula nthochi. Hamburg ndimaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga, ku Busan ndinagonako m'chipatala, ku Odessa ndinavina pa ukwati wa anthu omwe mpaka pano sindidziwa maina awo. Konseko sindinapemphepo munthu kuti andigwire dzanja.

Gemu yomwe ndikufuna kukuuzaniyi ndinaidziwa chifukwa cha bondo. Madokotala atalikonza anandilamula kukhala pampando miyezi itatu, ndiye ndinaitanitsa makina a masewera olumikiza ku TV. Wogulitsa anandichenjeza kuti gemu yomwe ndaloza si ya madala, anthu amaisiya akulira. Ndinamuuza kuti aikulunge. M'menemo umakhala msilikali wa zovala zachitsulo, umayenda m'mabwinja a mizinda, ndipo dera lililonse lili ndi chilombo chake chokhala kuseri kwa chitseko chamkuwa. Chilombo choyamba chinandipha ka makumi anayi ndi kamodzi. Ndinaimaliza gemu yonse, zilombo khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndekhandekha. Nyali za anthu ofuna kundithandiza ndinkaziona pakhomo lililonse, koma ndinkazilambalala.

Mwana wanga Nubia ndi namwino ku Genoa, amasamala okalamba. Anachoka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pomwe ine ndinali nditamukonzera kale ofesi kufakitale, ya zenera loyang'ana kumtsinje. Pabwalo la ndege ndinamuuza kuti adzabwerako akulira chaka chisanathe. Sanabwere, ndipo ngati analira sanandiuze. Pafoni tinkalankhulana, inde, koma zinkatha msanga. Ndinkamufotokozera za lole yatsopano, iye n'kunena kuti chabwino bambo, apatseni amayi. Ndi mayi ake, Celinda, ankatha ola lathunthu akuseka.

Tsiku lina tikudya, Celinda anangotchula kuti mwana wagula gemu yomwe ija, ndipo wakhala masabata awiri pachitseko choyamba. Ndinasiya supuni. Ndinati amuuze kuti katswiri wa chigawo chonse cha Guayas ali panyumba pomwe pano. Celinda anati amuuza, koma mwa mawu ake. Yankho linabwera mawa lake, pafoni yanga, mizere itatu. Lamulungu, teni koloko yathu kuno, komwe kwa iye ndi madzulo atangoweruka. Mawu achinsinsi akhale dzina la galu wathu wakale, Capitán. Mzere wachitatu unati: palibe kulankhula, foni ikhale patali.

Malamulo a kuthandizana m'gemu imeneyi ndi ouma. Sungalowe m'dziko la mnzako mwa kufuna kwako. Umaika nyali yako pansi pafupi ndi chitseko cha chilombo, n'kumadikira. Ngati nonse mwalemba mawu achinsinsi ofanana, nyaliyo imaonekera kwa iye yekha, ndipo akaikhudza umatulukira kwake uli mbuu ngati mzukwa. Gemu imakudula mphamvu kuti ufanane ndi mwini dziko. Mabotolo a mankhwala imakusiyira theka. Sutsegula chitseko, sutola chuma, ndiwe mlendo. Mwini dziko akafa, umabwezedwa kwanu. Chilombo chikafa, umabwezedwanso, ndipo pakhomo limenelo nyali siyakanso.

Lamulungu loyamba ndinavala malaya oyera ngati ndikupita kubanki. Ndinaika nyali, ndipo pasanathe mphindi TV inachita mdima, kenako ndinaona kamsilikali kowonda, ka mkondo wautali ndi chisoti chachikulu kuposa mutu wake. Kanawerama pondilonjera. Ine ndinawerama, iye anatsegula chitseko, ndipo ndinathamangira kutsogolo. Ngakhale anali atandidula mphamvu, chilombo chimenecho ndinkachidziwa mayendedwe ake onse. Chinagwa mwana asanachibaye ngakhale kawiri. Ndisanatembenuke n'komwe ndinali nditabwerera kwanga, ndekha.

Ndinaitana Celinda kuti adzaone ntchito ya amuna. Anabwera atanyamula mbale ya nthochi zokazinga, anayang'ana TV, n'kuyang'ana wotchi.

"Mwakhala naye mphindi zingati, bambo a Nubia?"

"Zinayi. Ndi mbiri imeneyo, kafunseni aliyense."

"Mwana wakudikirani sabata yathunthu, inu mwamuchezera mphindi zinayi. Ngakhale wobweretsa gasi amakhalitsako."

Lamulungu lotsatira nyali yanga inayaka pachitseko chachiwiri maola awiri, osakhudzidwa. Khofi anazizira. Ndinayang'ana intaneti kanayi, ndinalembanso dzina la galu mosamala, chilembo ndi chilembo. Madzulo uthenga unafika: amafuna womuthandiza, osati womuphera.

Ine ndi munthu wophunzira msanga, zimenezo ngakhale adani anga amavomereza. Ndinapachika lupanga langa lalikulu lomwe ndinalivutikira masabata atatu, n'kutenga chishango chotalika ngati chitseko cha lole. M'gemumo ukamenya chishango ndi chibakera, chilombo chimasiya mnzako n'kulunjika kwa iwe. Imeneyo inakhala ntchito yanga: kuitana nkhonya. Ndinkaima pamaso pa chilombo n'kumalandira, mwana ali kumbuyo kwake akubaya. Atandiitananso Lamulungu lachitatu tinafa kasanu ndi kawiri, ndipo tinakhala limodzi maola awiri ndi theka.

Miyezi inayenda chotero. Munthu wa pakamwa ngati ine, wopanda mawu! Zomwe msilikali amatha kuchita ndi kuwerama, kukweza dzanja, kuloza ndi kukhala pansi, basi. Koma ndinayamba kumuona mwana wanga. Nubia sathamanga. Amaima patali n'kuwerenga kuti chilombo chimamenya kangati chisanapume, ndipo akawerenga salakwitsa. Botolo lomaliza la mankhwala amalisunga mpaka moyo utatsala ngati ulusi, khalidwe la mayi ake lenileni. Ntchito ikamuvuta sabata imeneyo ndinkadziwa, chifukwa sankapita kuchitseko msanga. Ankakhala pansi pa masitepe ena oyang'ana kunyanja ya m'gemumo, ine n'kukhala pambali pake. Tsiku lina tinakhala choncho mphindi makumi awiri. Pambuyo pake Celinda anandiuza kuti gogo wina yemwe mwana anamusamala zaka zitatu anali atamwalira Lachisanu.

Zilombo zinkatha chimodzichimodzi, ndipo ine ndinkaziwerenga. Mwezi wa Okutobala tinafika pa chomaliza, chimphona chokoka belu lalikulu pa unyolo. Chikalizunguza belulo pamwamba, womenyedwa nalo sadzukanso. Ndili ndekha chinanditengera masiku asanu ndi anayi. Koma ndi mkondo wa Nubia, ulendo wachitatu wokha, moyo wa chimphona unatsika mpaka kutsala kachidutswa. Pamenepo ndinaona bwinobwino zomwe zikubwera. Chimphona chikagwa, m'dziko la mwana wanga simutsalanso chitseko choikapo nyali. Tibwerera ku chabwino bambo, apatseni amayi.

Chimphona chinatembenukira kwa iye. Inali nthawi yanga yomenya chishango, ndipo chala changa chinali pa batani. Sindinadine. Belu linatsika, kamsilikali kanagwa, ine ndinabwezedwa kwathu.

Ndinachita zimenezo ma Lamulungu atatu. Ndinkachita mwaluso, chifukwa ine chilichonse ndimachita mwaluso: pena kuchedwa pang'ono, pena kugubudukira mbali yolakwika. Mwana ankadzuka, n'kukhudzanso nyali, n'kuwerama ngati wopepesa kuti wandichedwetsa. Kuwerama kumeneko kunkandilasa, koma sabata yotsatira ndinkabwerezanso. Celinda, yemwe sadziwa ngakhale batani loyatsira, anandifunsa akusita kuti zatheka bwanji katswiri wa chigawo chonse kuiwala chishango nthawi yofananayo sabata iliyonse. Ndinati ndi nyamakazi ya m'zala. Anati nyamakazi yake ndi yodziwa kuwerenga.

Lamulungu lachinayi, kutatsala mphindi zisanu kuti teni ikwane, foni yanga inalira. Anali Nubia, ndipo sanafunse mayi ake.

"Bambo, ine ndimawerenga. Chimphona chikazunguza belu kachitatu mumayenera kumenya chishango. Miyezi isanu ndi iwiri simunaphonyepo. Pano mwaphonya kakhumi ndi kamodzi."

Ndinayamba kufotokoza za intaneti ya kuno, za mvula, za zala. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha, chinthu chomwe sichichitika kawirikawiri.

"Mukundiphetsa dala?"

"Eya, mwanawe."

"Chifukwa?"

"Chikafa chimenechi, nyali ndikaika pati?"

Pafoni ndinkamva galimoto za ku Genoa zikudutsa pansi pa zenera lake. Kenako anandiuza, mosakweza mawu, kuti masabata atatu amenewa wakhala akudziona ngati wolephera, akuyeserera yekha pakati pa sabata atatopa ndi ntchito, poganiza kuti akundichititsa manyazi. Anati pabwalo la ndege ndinamuuza kuti sangathe, ndipo tsopano ndikuonetsetsa kuti asathe. Ndayankhapo akapitawo a sitima, ndayankhapo akuluakulu a msonkho, koma apa ndinagonja. Ndinati ndalakwa. Mawu amenewo ndinawatchula bwinobwino, Celinda ndi mboni, anali ataima pakhomo la kukhitchini.

"Ikani nyali, bambo," anatero Nubia. "Ndipo mumenye chishango."

Ndinaika. Anandiitana, tinaweramirana, anatsegula chitseko. Sindinamenyepo nkhondo yokongola ngati imeneyo, ndipo sindinabaye ngakhale kamodzi. Belu linanditsikira kasanu ndi kamodzi, chishango chinagwira. Mabotolo anga anatha. Chimphona chitazunguza belu kachitatu n'kutembenukira kwa mwana, ndinamenya chishango mpaka batani linalira, ndipo chinabwerera kwa ine. Nubia analowa kumbuyo kwake, anabaya kawiri, anadikira, n'kubaya kachitatu. Chimphona chinagwada, belu linagubuduka.

Gemu imakupatsa kamphindi kochepa usanazimiririke. Ndinaona kamsilikali ka chisoti chachikulu kakuthamangira kwa ine, ndipo ndinadina batani lowerama. Sindikudziwa ngati anaona, chifukwa TV inachita mdima ndili pakati powerama.

Ndinamulembera kuti wamenya bwino kuposa bambo ake. Anayankha kuti akudziwa. Sabata imeneyo ndinakalipira madalaivala popanda chifukwa, ndipo Loweruka ndinachita kuwagulira chakudya chamasana onse.

Lamulungu ndinadzuka mochedwa, sindinavale malaya oyera. Celinda anandiikira msuzi wa nsomba ndi chinangwa, wa anyezi wambiri momwe ndimakondera, n'kuika foni yanga pambali pa mbale. Munali uthenga. Nubia anati ndiyambe gemu yatsopano, msilikali watsopano wopanda kanthu, ndipo nyali yake indidikira pachitseko choyamba. Mawu achinsinsi ndi omwe aja.

Ndinamuuza Celinda kuti mwanayu sakumvetsa. Ine ndi munthu amene anamaliza gemu yonse osakhudza nyali ya munthu, ndipo chilombo choyamba ndikhoza kuchipha nditatsinzina. Celinda anati zimenezo akudziwa, wazimva kokwanira, ngakhale a pa fakitale anaziloweza. Anati nthawi ndi kota tu teni, ndipo msuzi audzatenthetsanso.

Ndinayamba msilikali watsopano, wa nsanza ndi kalupanga kadzimbiri. Ndinadutsa mabwinja oyamba aja mwachangu, ndipo nditakhota pakona ndinaiona, kanyali kamodzi pansi pa chitseko chamkuwa, dzina la mwana wanga lili pamwamba pake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa momwe ndingavomerere pagulu. Kenako ndinaikhudza.

Anatulukira ali mbuu ngati mzukwa, gemu itamudula mphamvu kuti afanane ndi ine. Mkondo anali atausiya. Ananyamula chishango chotalika kuposa iye mwini, ndipo poyenda chinkakhula pansi. Anawerama, ine ndinawerama. Ndinalunjika kuchitseko, koma ndisanatsegule ndinabwerera, n'kukakhala pansi pa masitepe. Iye anabwera nadzakhala pambali panga.

Foni inalira tili chikhalire. Nubia anati lero ndikhoza kulankhula, bola ndisatchule malole. Ndinamufunsa dzina la gogo uja anamwalira Lachisanu, ndipo anayamba kundiuza.