Ngamila, Mayi a Ana ndi Nyenyezi ya Mchira

Aliyense amene analowapo m'sitolo yanga ya matayala ndi mabatire amalidziwa khoma la kudzanja lamanja. Ena amabwera kudzagula, ena kudzangoliona. Pamenepo pali zithunzi zanga. Ine nditakwera ngamila. Ine m'chipale chofewa cholekeza m'mawondo, nditavala majekete awiri. Ine pa sitima ya pamadzi yotalika kuposa msewu wathu wonse, woyendetsa wake ataima kumbuyo kwanga ngati mlonda. Ndinayamba ndi kumata machubu pansi pa mtengo, koma lero anthu amanditchula kuti a Pasipoti, ndipo dzinali sindinachite kupempha.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankagoma nalo khomali: mayi a ana anga. Tsiku lina akupukuta fumbi pa ngamila anaima, nsanza ili m'manja.

"Bambo a ana, nyama iyi ili ndi mwayi. Inakuonani tsiku limodzi lokha, ili pakhoma. Ine ndakuchapirani masokosi zaka zonsezi, ndili pati?"

Ndinawakumbutsa za chithunzi cha ukwati wathu. Iwo anandikumbutsa kuti pa chithunzicho pali iwo ndi mpando wopanda munthu, chifukwa ine ndinali kuseri kwa kamera kuphunzitsa wojambula ntchito yake.

"Mwezi uno usanathe ndikufuna chithunzi cha ine ndi inu," anatero. "Chikapanda kuoneka, khoma ili ndipaka penti, ndikhomapo mashelefu a mabatire. Ngamila ikagona m'katoni."

Mayi amenewa salankhula kawiri. Mawa lake ndinaona chitini cha penti kuseri kwa kauntala.

Sabata yomweyo wailesi inalengeza kuti kukudutsa nyenyezi ya mchira, yowala kwambiri, ndipo ikapita sidzabweranso mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu zitaiwalika. Ndinamenya tebulo. Munthu ngati ine angajambulitse ndi mkazi wake patsogolo pa nsalu ya maluwa, ngati ana asukulu? Kumbuyo kwathu kunayenera kukhala chinthu cha msinkhu wanga.

Ndinapita kwa wojambula wa pakhomo loyandikana ndi lathu, amene timamutchula kuti Musasunthe, chifukwa ndiwo mawu amene amakhalira kunena tsiku lonse. Anandimvetsera akukanda chibwano.

"Zitheka, bwana, koma si za thwa ngati za chiphaso. Kumwamba kukakhala kwamdima, diso la kamera limakhala lotsegula, kumamwa kuwala pang'onopang'ono. Chilichonse chosuntha nthawi imeneyo chimafufutika."

"Limakhala lotsegula nthawi yaitali bwanji?"

"Ngati pemphero la chakudya."

"Lopemphera ndani?"

"Munthu wanjala."

Ndinaseka. Ine ndinakhalapo m'ndege usiku ndi usana nditamangidwa lamba. Pemphero la munthu wanjala n'chiyani?

Koma mitambo inatichita chipongwe. Madzulo alionse tinkakwera padenga la nyumba yanga yosanja, n'kutsika osaona kanthu. Mayi a ana anagula bulashi. Tsiku lomaliza la mwezi ndi pamene kumwamba kunayera. Ndinayenda msewu wonse kuuza wometa, wogulitsa nyama ndi mayi wa saluni kuti azimitse magetsi a panja, ndipo onse anazimitsa n'kunditsatira padenga. Kunabweranso alamu anga, achimwene awo a mayi a ana, munthu amene sanakwerepo ndege koma amatsutsa ulendo wanga uliwonse.

Dzuwa litangolowa, nyenyezi ija inaoneka. Abale, ndaona zinthu ine, koma iyi! Mutu wake unali ngati khala loyera, mchira utaima m'mwamba, wautali, wopyapyala ngati utsi wa ndege. Wogulitsa nyama anavula chipewa. Ine ndinaigwedezera mutu monga amachitira apaulendo awiri akakumana pabwalo la ndege.

"Ikutsika," anatero Musasunthe akukhazika kamera pa miyendo yake itatu. "Ikafika kuseri kwa thanki yamadzi ija, basi, tatseka."

Tinaima, mayi a ana kumanzere, ine kumanja, nditavala suti yoyera. Musasunthe anakana kuthwanimitsa kamera, akuti nyenyezi ingasowe, choncho ndinatenga tochi yaing'ono ya m'sitolo n'kuigwira pachifuwa kuti iziwalitsa nkhope yanga. Nkhope ngati iyi siyisiyidwa mumdima.

"Musasunthe!"

Sindinasunthe. Ndinangofotokozera wometa, mwachidule, kuti kumaiko ozizira kumwamba kumayaka zobiriwira. Musasunthe anatiitana kuti tione pa kagalasi ka kamera. Nyenyezi inatuluka bwino. Mayi a ana anatuluka bwino. Ine ndinali ndi pakamwa patatu.

"Alamu, apa ndiye akujambulani zenizeni," anatero alamu anga. "Koma pakamwa pena pasowa. Timadziwa kuti muli napo panayi."

Kachiwiri ndinatseka pakamwa, koma dzanja linaloza lokha kumene kuli nyanja imene ndinawoloka, ndipo pa chithunzi linaoneka ngati phiko la fani. Kachitatu mayi wa saluni anati andimwetse madzi, ndiwasunge m'kamwa osameza. Nzeru yabwino. Koma wogulitsa nyama anafunsa ngati nyenyeziyo ili ndi mafuta m'mchira, ndipo munthu wodziwa yankho sangasiye mnzake mu umbuli. Ndinameza.

Nthawi yonseyi mayi a ana sanasunthe ngakhale pang'ono. Anangoima chilili, chikwama m'khwapa, maso pa kamera.

"Mutu wayamba kukhudza thanki," anatero Musasunthe, thukuta lili kamukamu. "Bwana, ndikupempheni. Kamodzi aka."

Ndinalamula kuti abweretse chubu chakale. Anandimanga nacho m'chiuno n'kuchikoleka ku paipi ya kumbuyo kwanga. Ndinauza anthu onse kuti aone mmene munthu woyenda amaimira. Ndinakoka mpweya, ndinaumitsa khosi, tochi pachifuwa.

"Musasunthe!"

Padenga panali zii. Ndinamva ngakhale wotchi yanga ikugunda. Ndinali mwala, ndinali chipilala. Pemphero lija linali litafika pakati pamene alamu anga, ataima kumapeto kwa denga, anayamba kunong'oneza wometa mokweza dala.

"Chipale chofewa chija mukuchidziwa? Ndi m'chipinda chozizira chosungira nsomba. Mukayang'anitsitsa pakona pa chithunzi pali mchira wa nsomba."

Tamverani. Munthu akhoza kunyoza suti yanga, akhoza kunyoza matayala anga. Koma chipale chimene chinandilanda kumva kwa chala chaching'ono cha kuphazi? Ndinanyamuka. Ndinadutsa denga lonse tochi ili m'mwamba, chubu chikutamuka kumbuyo kwanga, ndipo ndinali nditangofika pa mawu akuti "Alamu, inu amene simunawolokepo ngakhale ngalande," pamene chubu chinakumbukira ntchito yake. Chinandibweza chafutambuyo, liwiro la njinga yamoto, n'kundikhazika pansi pafupi ndi mapazi a mayi a ana.

Kamera inati tcha. Nyenyezi inalowa kuseri kwa thanki.

Palibe anaseka, kupatula alamu anga amene anachita kugwira khoma. Musasunthe anayang'ana pa kagalasi nthawi yaitali, kenako anapereka kamera kwa mayi a ana ndi manja awiri, ngati uthenga wa maliro. Ine ndinali pansi, ndikuganiza za ngamila yanga m'katoni.

Ndinadzuka n'kusuzumira paphewa pawo. Kumwamba kunali nyenyezi ya mchira, yokongola. Pansi pake panali mayi a ana, ooneka bwino mpaka ndolo. Pambali pawo panali suti yoyera yoonekera ngati nkhungu, ndi kamutu kowala, ndipo kuchokera pamenepo mzere wa kuwala unadutsa chithunzi chonse, n'kukhota, n'kubwerera. Mchira wanga unali wautali kuposa wa mlendo wa kumwamba uja.

"Mayi, tingayese mawa ndi nsalu ya maluwa," anatero Musasunthe motsitsa mawu.

"Mawa ndi mwezi wina," anayankha mayi a ana. Anayandikitsa kamera kumaso, n'kuitalikitsa. "Komanso mukonzanji? Ndi iwowa. Amabwera, kuwala, phokoso, usanawagwire apita. Ndikanaona munthu ataima phee pambali panga ndikanafunsa kuti ndi mwamuna wa yani. Muchichape chachikulu."

Penti uja anapaka kubafa. Chithunzi chili pakati penipeni pa khoma, mu felemu yagolide, ndipo kuti chikwane panafunika kuchotsa chimodzi. Ngamila ili m'katoni. Ndinaidandaula masiku angapo, koma kunena zoona ngamila aliyense akhoza kukwera.

Makasitomala akafunsa kuti bwana ali pati pamenepa, ndimawaloza mzere uja. Akatswiri akuti ya kumwambayo inayenda zaka zosawerengeka kuti ifike kuno. Ine ndinangodutsa denga limodzi, ndi chubu m'chiuno, koma bwerani ndi tepi muyeze nokha michira iwiriyo. Alamu anga anayeza kale. Akuti tepiyo ndi yanga, ndiye siyodalirika.