Mpata wa Kuseri kwa Khola

Nkhumba za Mai Madeya zinali ndi nthawi yake yoimirira. Dzuwa likafika pamutu, nyenje zikulira ngati zalembedwa ntchito, zonse zinkadzuka m'matope, kungoti zii, n'kuloza mphuno pampata wa kuseri kwa mpanda. Zikatero mayiwo ankatula ndowa pansi, thupi lonse tsemwe.

Mpatawo unali wa malemu amuna awo. Matabwa anathyoka kalekale, ndipo bamboyo, m'malo mokhoma ngati munthu wanzeru, anapasandutsa njira yachidule yochokera kudimba. Masana alionse ankatulukira pamenepo cham'mbali, mtolo wa masamba a mbatata uli paphewa, nkhumba zikumudikira. Anamwalira mvula ili mkati. Tsopano chinali chilimwe, udzu utauma gwa, koma nkhumbazo zinkaimirirabe. Mai Madeya ankaopa, inde, komanso ankaidikira nthawiyo kuposa chakudya. Ankanong'oneza kuti, “Mwafika, bambo?” kenaka n'kupitiriza kusakaniza madeya, komwe dzina lawo lija linachokera.

Chaka chimenecho mtsinje unaphwa msanga, ndiye zamtchire zonse zinatulukira kuti madzi otsukira khola amayenderera kuseri n'kupanga kathawale. Nkhanga zinkabwera m'mawa zikukangana. Apusi ankamwa mosinthana, wina ali pamtengo kulondera, ulemu woposa wa anthu ena a pachitsime. Ng'azi inachita kusamukira konko. Mayiwo sankapirikitsa chilichonse, poti ludzu si mlandu.

Mlangizi wa ziweto anafika panjinga yamoto, nkhope yonse fumbi. Anati tsidya la mtsinje kwabuka chigodola, makola akutha psiti, anthu akukwirira nkhumba m'maenje. Anazungulira mpanda, nafika pampata paja, n'kunjuta pamatope.

“Ziboda izi si za nkhumba zanu, mayi. Nguluwe iyi. Imalowa pano kudzamwa, ndipo ikufika mpaka pakhola penipeni. Matendawa amayenda nazo zimenezi, zokha sizidwala. Mukhome lero.”

“Pamenepo ndi podutsa anthu.”

“Anthu ake ati? Chipata si icho?”

Mlangizi anasuzumira m'khola, naona mkota waukulu uja malemu ankautcha Abwana, mimba ili pansi, masiku atayandikira.

“Nthendayi ikalowa muno simutsala ndi kamodzi komwe. Muyambira pati pa msinkhu wanuwu?”

Sankanama. Nkhumbazo ndiye zinali munda wawo, mankhwala awo, denga lawo. Matabwa anawasonkhanitsa madzulo omwewo, misomali anaiwongola pamwala, nyundo anaipeza. Koma zinthuzo zinangogona pambali pa mpata sabata yonse, chiswe chikuyamba kuzinunkhiza. Kukhoma pamenepo kunali ngati kumutsekera munthu chitseko akumuona.

Tsiku lina anabisala kuseri kwa mgolo wa madzi kuti aone ndi maso awo. Dzuwa linafika pamutu. Nkhumba zinaimirira. Udzu wouma unachita phokoso kunja kwa mpanda, ndipo mtima wawo unagunda ngati wa mtsikana. Chimene chinalowa chinali chinguluwe chokalamba, chaubweya wofiirira, nthiti zili pamtunda. Chinamwa, chinagwenya msana pamtengo wa khola, Abwana akuchinunkhiza m'mipata ya matabwa, n'kutuluka osafulumira.

Manyazi anawagwira. Miyezi yonseyi, mayi wamkulu ndithu, akupereka moni kwa nguluwe! Anapita kwa alamu awo, mng'ono wa malemu, yemwe anali ndi agalu komanso njala ya nyama yosatha.

“Mwachedweranji kunena, alamu? Ndiwo zikuyenda zokha pakhomo panu, ife tikunyambita mchere.”

Kutacha agalu anaigwira m'bango. Mai Madeya anakana nthuli yomwe anawatumizira, poopa kulowetsa matenda pakhomo. Podziwa kuti tchire silikhala ndi nguluwe imodzi, anatenga nyundo n'kukhoma mpata uja, thabwa pamwamba pa thabwa, mpaka pasatsale polowa ngakhale ng'azi. Anakhoma mwaukali, akudzitukwana chamumtima, ndipo atamaliza anamva kupepuka.

Mawa lake kunatentha kuposa masiku onse. Anathira madzi pamsana pa nkhumba iliyonse, nayamba kupala ndowe ndi fosholo. Mithunzi inafupika mpaka kulowa pansi pa mapazi.

Nkhumba zinaimirira.

Zinadzuka zonse pamodzi, kuyambira Abwana mpaka kamwana kopunduka khutu, mphuno zitaloza pa matabwa atsopano. Kunja kwa mpanda udzu sunagwedezeke. Kunalibe nkhanga, kunalibe pusi, nguluwe inali m'mimba mwa alamu. Abwana anayamba kulira chapansipansi, kulira kwake kopempha masamba, mchira ukugwedera.

Mai Madeya anayang'ana nyundo ili pamgolo. Misomali inali yakale, kuizula sikukanavuta. Anayang'ananso mimba ya Abwana, mmene tiana tinkasunthira m'kati. Nyundoyo sanaikhudze. Anapukuta manja pachitenje, napita kuchipata, n'kuchitsekula chonse, iwo n'kuima pambali ngati mmene amaimira munthu wopatsa mlendo njira.

“Zungulirani kuno, bambo,” anatero. “Si patali. Ndatsekula.”

Anaima padzuwapo, thukuta likutsikira m'maso, akuyang'anitsitsa nkhumba kuti aone ngati mitu itembenuke kutsata mpanda mpaka kuchipata. Palibe inatembenuka. Zinapenyabe pamatabwa paja nthawi yaitali. Kenaka kamwana kaja kanagona, ina inatsatira, inanso. Abwana ndiwo anatsala, mpaka miyendo inawatopa, nadzigwetsa m'matope.

Mlangizi atabweranso anapeza tiana tikuyamwa, tonse tamoyo, ndipo anayamikira mpanda, akugogoda matabwa ndi chala.

“Mwazipulumutsa, mayi. Tsidya lija kulibe yotsala.”

Mayiwo anavomera ndi mutu. Dzuwa linali pamutu pomwe ankalankhula, nyenje zikulira, ndipo nkhumba zonse zinali gone m'matope, palibe ndi imodzi yomwe inatukula khutu. Pamaliro a amuna awo paja mayiwo sanalire kwambiri, anthu mpaka anawanena. Analira tsiku limeneli, mlangizi atagwira chisoti m'manja, osadziwa chomwe walakwa.