Nyumba Yosowa pa Mapu a Beit Sarur

Buku la a Radwan linafika mu kampu ya othawa nkhondo Lachisanu m'mawa pa ngolo yokankha, poti tinjira ta kuno galimoto siidutsa. Analilemba zaka zisanu ndi zinayi. Atapuma pa uphunzitsi, anayenda khomo ndi khomo ndi kawailesi ka kaseti, kufunsa nkhalamba zonse zobadwira ku Beit Sarur, mudzi wa kwawo ku Galileya umene unagumulidwa pa nkhondo ya mu 1948. Iwo eniake sanauonepo mudziwo. Anabadwira konkuno ku Beirut, mu tenti.

Midzi ina inali nawo kale mabuku otere, ndipo tonse timadziwa kumene anthu amathamangira akalilandira. Ndakatulo amazidumpha, mbiri ya nkhondo amaidumphanso. Amatsegula kumapeto, kufunyulula mapu, n'kuyendetsa chala mpaka atapeza nyumba ya bambo awo ndi dzina lake. Kumudziko kulibenso khoma loimirira, choncho amene ali pa pepalalo ndiye kuti analiko.

Anthu atatuluka mu mzikiti anadzaza holo. A Radwan anavala jekete lawo la maukwati, ndipo kulankhula amakudziwa.

"Anatifufuta pa mapu awo," anatero. "Lero tadzilemba tokha. Palibe watsala!"

M'manja munaomba, amayi n'kululuta. Kenako mapepala anayamba kulira holo yonse.

"Aphunzitsi, mwandibera!" anakuwa Abu Shawqi wogulitsa nyama. "Nyumba yathu inali ya zipinda zitatu. Apa mwajambula kabokosi ka machesi!"

"Zitatu ukawerenga ndi cha bulu chomwe!" anamuyankha wina kumbuyo.

"Bulu wathu ankagona pabwino kuposa agogo ako, iwe!"

A Radwan ankaseka nawo, uku akusaina mabuku. Atadzutsa mutu anaona Nahida, telala wa pafupi ndi chipatala, ataima ndi mapu m'manja. Nahida ndi mwana wa Abu Lutfi, mkulu uja ankakonza mbaula za palafini asanagwidwe ndi sitiroko.

"Aphunzitsi, kaya maso angawa atha ndi singano," anatero mayiyo. "Tandipezereni nyumba ya agogo anga."

A Radwan sanayang'ane n'komwe pa mapupo. Ankadziwa kuti nyumbayo palibe, ndipo chifukwa chake ankachidziwanso.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo anakacheza kwa Abu Lutfi. Mkuluyo anali mwana wa mbusa wa mbuzi, ndipo mudzi ankaudziwa ndi mapazi. Anafotokoza njira, zitsime, pamene nyumba yawo inali. A Radwan sanalembe kanthu, ankangogwedeza mutu, poti kaseti inali kuzungulira. Ndiye anafika pa tsiku lothawa.

"Bambo anu, Haj Sadiq, Mulungu awachitire chifundo, ndi okhawo anali ndi lole," anatero Abu Lutfi. "Mizinga itangomveka kuseri kwa phiri, anapakira makabati, matiresi, makina osokera. Mayi anga miyendo inali itatupa. Ndinawapempha malo. Anati mwadzaza. Tinawabereka masiku awiri mayiwo, mpaka anamwalirira panjira. Sindikudandaula, mwana wanga, tonse tinali ndi mantha. Koma mwati ndinene zonse."

Kunyumba kwa a Radwan nkhaniyi inkanenedwa mwina. Haj Sadiq ndiwo anatuluka m'mudzi pomalizira, mfuti ili m'manja. Mutu umenewo a Radwan anali ataulemba kale m'buku lawo, ndipo unali wokoma kuwerenga. Sabata yotsatira anatenga kaseti yomweyo n'kujambulapo nyimbo za ukwati za gogo wina. Anadziuza kuti makaseti akusowa. Anadziuzanso kuti adzabwerera kukafunsa za nyumba yokha, koma akati ayandikire shopu ya mbaula, miyendo inkakhotera kanjira kena. Pojambula mapu anayembekeza kuti wina aitchula nyumba ya mbusa. Sanaitchule aliyense. Amakumbukira nyumba ya mbusa ndani?

Tsopano Nahida anali kudikira.

"Mwina osindikiza anaidumpha," anatero a Radwan, mawu akutulukira m'mphuno.

"Osindikiza amudziwa bwanji mbusa wa ku Beit Sarur?" anafunsa Nahida, osakweza mawu. "Munakhala kwathu maola awiri, aphunzitsi. Khofi munamwa makapu atatu, wophika ndinali ine. Chabwino, pepala ndi pepala. Mundipatse kaseti ija basi, ana anga amveko agogo awo akulankhula zomveka."

"Mawa," anatero a Radwan. "Ndibwera mawa."

Thukuta linatsika m'khosi mwa jekete lija. Mwambo usanathe anayamba kukoka nkhalamba mmodzimmodzi pambali. Wina anati nyumba ya mbusa inali kumunsi kwa chitsime. Wina anati ayi, kuseri kwa manda. Mayi wina wa banja lolemera anaseka. "Nyumba? Amene aja ankagona ndi mbuzi zawo." Oyandikana nawo enieni onse anali atamwalira, ena m'zaka zisanu ndi chimodzi zomwezi.

Kunyumba akazi awo, Umm Bashar, anali ataphika mpunga wa nkhuku wokondwerera buku. A Radwan anangougwiragwira ndi supuni. Atafunsidwa kachitatu anaulula zonse, maso ali m'mbale.

"Ndiye khoswe anakhala pamkhate, eti?" anatero Umm Bashar. "Apongozi anga ndinawasambitsa zaka zinayi ine. Mfuti imeneyo sanaitchulepo n'kamodzi komwe. Oitchula munali inu anawo."

"Ndi bambo anga, mkazi iwe."

"Nanga ndani wakana? Akanakhala bambo anu ndithu ndi lole yawo yomweyo. Tikanawakonda ndi mantha awowo. Koma inu mwaima pamaso pa anthu n'kunena kuti palibe watsala!"

Anasonkhanitsa mbale mwaphokoso. A Radwan anatsala pa tebulo okha. Manyazi amenewa sanali a bambo awo ayi. Haj Sadiq anachita zimenezo mizinga ikulira, akuthawitsa mkazi ndi ana. A Radwan anachita zawozi atakhala pa mpando wofewa, magalasi ali pamphuno, popanda wowathamangitsa.

M'mawa anatenga mapu ndi cholembera. Nahida anawatsegulira ali ndi tepi yoyezera zovala m'khosi.

"Kaseti ija kulibe," anatero a Radwan ali pakhomo pomwepo. "Ndinaifufuta ndine, dala. Bambo ako ananena za bambo anga zimene sindinafune kuti zimveke. Osindikiza alibe mlandu."

A Radwan anakhumba Nahida atawatukwana, koma mayiyo sanawapatse mwayi umenewo.

"Za lole?" anafunsa. "Kampu yonse imazidziwa zimenezo, aphunzitsi. Anthu ankangokulemekezani."

Anapatuka kuti alowe.

Abu Lutfi anali pa mpando pafupi ndi zenera, bulangete pa maondo, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Masiku ena amazindikira anthu, masiku ena ayi. A Radwan anagwada, napsompsona dzanja lake, n'kufunyulula mapu pa bulangetepo.

"Amalume, ndine Radwan. Onani, uwu ndi mzikiti, ichi chitsime, apa popunthira tirigu. Nyumba yanu inali pati? Ingolozani, ndilemba pompano. Ndikalemba m'mabuku onse ndi dzanja langali."

Mkuluyo sanayang'ane pepala. Ankayang'ana nkhope ya a Radwan, mphumi yotakata ija ndi nsidze zokumana za ku banja kwawo. Maso ake anawala.

"Haj Sadiq," anatero. "Mwabwerera?"

"Baba, awa ndi aphunzitsi," anatero Nahida.

Abu Lutfi anagwira mkono wa a Radwan ndi dzanja lake lamoyo lija, mwamphamvu.

"Haj, tsitsani kabati imodzi yokha. Imodzi basi. Mayi anga sangayende."

"Nditsitsa," anatero a Radwan. "Nditsitsa onse, amalume. Koma tandiuzani, nyumba yanu inali pati? Kumunsi kwa chitsime kapena kuseri kwa manda?"

Mkuluyo anakankha mapu aja mopsa mtima, nagwera pansi.

"Za nyumba zisiyeni, Haj! Nyumba sithawa, tibwerera sabata yamawa. Mayi anga kaye."

Nahida anatola mapuwo, nawapinda bwinobwino momwe anapindidwira, n'kuwabwezera kwa mwini wake. A Radwan anali chigwadire, cholembera chili m'manja, ndipo mkuluyo sanawasiye mkono.