Zala za Telala

Nyamakazi itamugwira m'manja, mayi wina wautelala anaphimba makina ake ndi nsalu n'kuwakankhira pakona. Mfundo za zala zinkatupa ngati zalumidwa ndi njuchi, moti m'mawa ngakhale batani la bulawuzi linkamukanika. Amuna ake, omwe kale ankayendetsa basi asanachotsedwe ntchito, ndiwo ankamumangira, lilime lili panja, nthawi zina n'kuphonya bowo.

"Abambo, mwandipotozanso."

"Basi ndinkaimika bwinobwino, koma tinthu iti ayi."

Kenaka anamupezanso ndi shuga. Dokotala anamulembera jakisoni wa kamodzi pa sabata, namuuza kuti mankhwalawo amatsanzira timadzi timene matumbo amatulutsa munthu akadya. Patatha miyezi inayi, dokotalayo anamugwira zala, n'kuzipinda chimodzichimodzi.

"Zaphwa, mayi. Akatswiri akufufuza ngati mankhwala ngati awa angachepetsenso kutupa kwa mfundo. Sizinatsimikizike, ndiye a nyamakazi aja musasiye."

Kunyumba sananene kanthu. Amuna ake akapita kumsika, ankadzitsekera kuchipinda n'kumayesera kumanga ndi kumasula bulawuzi. Zinkatheka ndithu, ngakhale chala chapakati chinkauma. Koma kukacha ankaimabe pafupi ndi zenera, manja ali lende, kudikira. Pa zaka zonse za ukwati wawo, bambowo anali asanamuyang'anepo mwachidwi chotero, ndipo iye sankafuna kuti zithe.

Lachinayi lina bambowo anabwerera msanga ataiwala jumbo, n'kumupeza akulowetsa ulusi pasingano. Mayiyo anabisa manja kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba.

"Musavutike, amayi. Ndinadziwa kale."

"Munadziwa bwanji?"

"Botolo la mafuta lija ndimalitseka ndi mphamvu zanga zonse. Ndimalipeza lotsegula."

"Nanga osanena?"

"Ndinaopa kuchotsedwa ntchito kachiwiri."

Anaseka mpaka misozi, amuna akewo atakhala m'mphepete mwa bedi akusisita chala chouma chija.

"Chikupweteka?"

"Pang'ono. Mwina mawa zitupanso, adokotala sanalonjeze."

"Zikatupa tiliko."

Mayiyo anayang'ana pansi, n'kuona mpendero wa thalauzi lawo utagwiridwa ndi mapini awiri.

"Mwamuna wa telala kumayenda chonchi pamsika? Vulani."

Anausoka pamanja, pang'onopang'ono, akupumira pakati. Unamutengera ola lathunthu, ndipo bambowo anadikira atakulunga thawulo m'chiuno, zogula za kumsika ataziiwaliratu.